Kutsika bwanji ndi ndege mapiri atabisika m'mitambo?

Musanayambe kutsika, onani MSA (utali wochepetsetsa wotetezeka kuulukapo m'deralo) pa tchati, mapu a oyendetsa ndege. Imakusiyani mafiti osachepera 1,000 pamwamba pa phiri kapena nsanja iliyonse, koma kawirikawiri mkati mwa 25 NM (pafupifupi makilomita 46) basi kuchokera pa malo osonyezedwa pa tchatiyo. Kunja kwake musaidalire.

Kenako ikani QNH (nambala ya kupanikizika kwa mpweya) yatsopano mu altimeter, chida chosonyeza kuti muli m'mwamba bwanji. Apa ndiye pofunika maso: kukazizira kwambiri, altimeter imanama kuti muli pamwamba kuposa pomwe mulidi, choncho wonjezerani pa manambala a pa tchati.

ATC, anthu apansi otsogolera ndege pa wailesi, akakupatsani utali woulukapo wokayikitsa, funsaninso, palibe chamanyazi.

Mukafika pa DA (utali wosankhira kutera kapena kukwera) osaona msewu wa ndege kapena magetsi ake, kwerani. Pansi pa MDA (utali wochepetsetsa wololedwa potsika) musatsike osaona msewuwo. TAWS, chida chochenjeza za nthaka kapena phiri, ikakuwa kuti "pull up" (kwezani ndege), musayambe kutsutsana nayo: mapiko awongoke, mphamvu zonse za injini, mphuno m'mwamba.