Kumwa hanyak limodzi ndi mapiritsi a tulo ku Korea

Ku South Korea kuli madokotala amitundu iwiri, onse ovomerezeka ndi boma: a kuchipatala wamba, ndi a hanuisa, amene amaphunzira zaka 6 za mankhwala azitsamba otchedwa hanyak. Munthu wosowa tulo amapita konsekonse, koma kawirikawiri sauza dokotala uyu zimene walandira kwa winayo. Ine ndimamwa zonse ziwiri, hanyak ndi mapiritsi a tulo, ndipo chimene sindinyengerera ndi ichi: aliyense adziwe.

Mukapita ku hanuiwon, chipatala cha a hanuisa, nyamulani kapepala ka mapiritsi anu. Ngati ndi piritsi la tulo lotchedwa zolpidem, nenani mlingo wake. Malangizo a boma la Korea amati asapitirire 10 mg patsiku, ndipo asalembedwe kupyola masabata 4 pa nthawi imodzi. Kenako pemphani a hanuisa akulembereni mayina a zitsamba zonse zimene aphika. Timapaketi ta hanyak, ta madzi abulawuni timene mumatenthetsa m'madzi ofunda, kawirikawiri sitinena kanthu za zomwe zili mkati.

Pa mndandandawo fufuzani gamcho, muzu umene pa Chingerezi amati licorice. Muzu wotsekemerawu uli m'mankhwala ambiri a tulo, monga Sanjoin-tang ndi Gwibi-tang. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri nthawi zambiri suvutitsa, koma ukamwedwa miyezi umatha kuchepetsa potaziyamu m'thupi, kukweza BP ndi kutupitsa mapazi. Ndiye ine ndimayeza BP kunyumba, ndipo madzulo ndikavula sokisi ndimayang'ana ngati yasiya mzere wozama pa akakolo. Amene mumamwa kale mankhwala a BP kapena okodzetsa, musayambe hanyak musanafunse adokotala. Mukamwa nthawi yaitali, pemphaninso kuyezetsa magazi, aone potaziyamu ndi chiwindi. Maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada, siyani hanyak tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala.

Chitsamba china ndi mahwang (ephedra), amene amapezeka m'mankhwala ochepetsa thupi; iyeyu amathamangitsa mtima ndi kuchotsa tulo. Hongsam, muzu wa ginseng wofiira, nayenso amasowetsa tulo anthu ena.

Zitsamba za tulo ndi piritsi zikakumana, m'mawa mutha kudzuka mutu uli wolemera, miyendo ikudzandira. Tsiku lotero musayendetse galimoto, ndipo soju, mowa wa ku Korea, musamuyandikire n'komwe usiku umene mwamwa piritsi. Tulo tikayamba kubwera bwino, musangosiya mapiritsi mwadzidzidzi, makamaka a gulu la benzodiazepine, chifukwa tulo timathawiratu ndipo ena amafika pokomoka. Adokotala amene anakulemberani ndiwo akuchepetsereni pang'onopang'ono.