Bondo la mwana likamatupa mobwerezabwereza asanagwe paliponse: momwe mungachitire

Pali kachotupa kena kosowa kwambiri kamene kamamera mkati mwa bondo, madokotala amakatchula kuti synovial haemangioma. Si khansa ayi, ndi timitsempha ta magazi tomwe tangopotanapotana pa kachikopa kamene kamakuta mfundo ya bondo mkatimu, ndiye timatha kudontha magazi n'kudzaza bondo lonse. Dokotala wa ku France dzina lake Bouchut ndiye anayamba kulemba za matendawa mu 1856, koma mpaka lero ambiri amatha zaka akuzungulira asanadziwe chikuwavuta, ngakhale kumayiko olemera komwe. Kamakonda ana ndi achinyamata, ndipo pa mfundo zonse za m'thupi bondo ndi lomwe kamapezekamo kwambiri.

Choyamba muyang'anitsitse mmene bondolo likuchitira. Limatupa, kupweteka, mwana kumatsimphina ndi kulephera kulipinda bwinobwino, pakapita masiku laphwa, inu nkumati basi zatha, kenako pakatha mwezi kaya miyezi ingapo layambanso, chonsecho sanagwe pa mpira kapena panjinga. Kubwerezabwerezako ndiye chizindikiro chachikulu. Pezani kakope muzilemba tsiku lomwe latupa ndi lomwe laphwa, mulijambulenso pa foni likatupa, chifukwa zimachitika kuti tsiku lomwe mwafika kwa adokotala bondo laphwa kale, iwo sakuona chilichonse. Tenganinso kachingwe muyeze ntchafu zonse ziwiri pamalo ofanana, mwendo wodwalawo nthawi zambiri umayamba kuonda. Ngati pakhungu la mwendowo pali chibadwa chofiira kapena chofiirira, muwauzenso adokotala.

Apa ndiime kaye. Bondo likatupa nkumatentha, mwana thupi latentha, sakufuna ngakhale kuliponda, musadikire za kakope, pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa akhoza kukhala mafinya m'bondo ndipo amenewo amawononga mfundo m'masiku ochepa.

Chachiwiri ndi zimene musachite, ndipo ndikupemphani ndithu makolo anzanga. Osatema mphini, osathowa ndi madzi otentha, osalikanyanga mwamphamvu kuti liphwe. Mkatimo muli magazi otuluka m'mitsempha, kulisautsa nkuwonjezera vuto, ndipo mphini zimalowetsa tizilombo. Aspirin musamupatse, Brufen nayenso mufunse kaye, mankhwala amenewa amatha kupangitsa magazi kutuluka kwambiri. Panado ndiye bola. Mwendo augoneke pamwamba pa pilo, muikepo kansalu kozizira.

Kenako yambirani pa chipatala chapafupi ndi buku lanu lakuchipatala, mupemphe kuonana ndi a kiliniko ofesa a zamafupa omwe amapezeka m'zipatala za m'maboma. Muwafotokozere zonse kuyambira pachiyambi, osati za lero zokha. Akhoza kupopa madzi a m'bondo ndi jakisoni, akapeza kuti ndi magazi pamene mwana sanavulale, pamenepo ndiye poyambira. Ayenera kuyezanso magazi kuti aone ngati amaundana bwino, poti matenda a haemophilia, omwe amalepheretsa magazi kuundana, nawonso amatupitsa mawondo chimodzimodzi makamaka kwa anyamata, ndiye ngati amalume ake a mwanayo amataya magazi osasiya akadzicheka, nenani. Kwathu kuno aganizanso za TB ya m'mafupa, nyamakazi ya ana, ndi chotupa china cha kachikopa komweko chotchedwa PVNS. Kuyeza zonsezi si kutaya nthawi, amachotsa chimodzichimodzi mpaka chenichenicho chitsale.

Tsono pali msampha pa nkhani ya ekisire. Ekisire imaonetsa bwino mafupa, koma chotupachi ndi chofewa, ndiye kawirikawiri chithunzi chimatuluka bwinobwino, mwa apo ndi apo ndi pomwe pamaoneka timadontho toyera ta timiyala topangika m'mitsempha. Ndiye munthu amauzidwa kuti mafupa ali bwino, amabwerera kunyumba atanyamula Panado, chaka nkutha. Inu mukauzidwa choncho koma bondo likupitirizabe kutupa, bwererani ndi kakope kanu kaja mupemphe mwaulemu kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Sikani ya ultrasound imathandizako kuonetsa kuti muli mitsempha, koma imene imaonetsa bwino kukula kwa chotupa ndi komwe chafika ndi sikani ina yotchedwa MRI. Ku Blantyre kuli Queen Elizabeth Central Hospital komanso Beit CURE yomwe imaona za mafupa a ana, ku Lilongwe kuli Kamuzu Central Hospital komwe kulinso chipatala cha mafupa cha LION, kumpoto kuli Mzuzu Central Hospital. Mufunsiretu komwe MRI ikugwira ntchito ndi tsiku lomwe angakuikeni musanawononge ndalama ya thiransipoti.

Akachipeza, chithandizo chake chenicheni ndi opaleshoni, ndipo mtundu wake umatengera mmene chakhalira. Chikakhala pamalo amodzi ngati kambulu, amatha kuchichotsa poboola timabowo ting'onoting'ono n'kulowetsa kamera, munthu amachira msanga ndipo sichibwererabwerera. Chikamwazikana pa kachikopa konse kapena kulowerera mpaka m'minofu, amatsegula bondo n'kuchotsa kachikopako, ndipo mtundu umenewu ndi womwe umatha kumeranso. Kwina amayamba atseka kaye mitsempha yodyetsa chotupacho kapena kubayamo mankhwala oumitsa mitsempha. Musaope kufunsa adokotala kuti cha mwana wanu ndi cha mtundu uti, achotsa chonse kapena ayi, nanga magazi oonjezera akonzeratu. Chomwe achotsacho amachitumiza ku labu kukachiona pa maikulosikopu, zotsatira zake muzilondole ndithu, ndi zomwe zimatsimikiza kuti sichinali china.

Ena amati poti si khansa bwanji tingochisiya, mwana akamakula chitha chokha. Ine ndikukana. Magazi akamadzaza m'bondo mobwerezabwereza amadya chichereŵechereŵe chomwe chimapangitsa mafupa kutsetsereka bwino, ndiye mnyamata wa zaka 20 amakhala ndi bondo ngati la agogo, ndipo chikadyeka sichimeranso.

Opaleshoni ikatha pali mafizo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi chifukwa amapweteka. Mwana ayambe ndi ndodo, aziwongola ndi kupinda bondo monga amuphunzitsira, azilimbitsa ntchafu inaonda ija tsiku ndi tsiku, inu mukhale naye pambali muzimuwerengera. Mpira adikire mpaka adokotala avomereze. Masiku a cheki-apu musaphonye ngakhale akuthamanga bwinobwino, ndipo kakope kaja musataye, bondo likadzatupanso mulembe tsikulo mubwerere nako kuchipatala.