Wokwera ndege akayamba mwano pa kauntala

Ine ndimalemba okwera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo anzathu atsopano ndimawauza izi.

Ambiri amakalipa chifukwa chikwama chapitirira makilo ololedwa. Musakweze mawu. Nenani "bambo" kapena "mayi", muwasiye alankhule mpaka mpweya uwathere. Mawu akuti "khazikani mtima pansi" apeweni, amangokolezera moto. Apatseni zosankha ziwiri: alipire makilo owonjezerawo, kapena atulutse zina aike m'chikwama cha m'manja. Munthu amene akusankha amaiwala kukuwa.

Akatukwana, achenjezeni kamodzi: "Bambo, mukapitiriza ndiitana akuluakulu." Akapitiriza, itanani ndithu.

Woledzera ndi nkhani ina. Osakangana naye, ngakhale atanena kuti amadziwana ndi nduna (ku Lusaka kuno aliyense ali ndi malume wake nduna). Dziwitsani supavaiza ndi ogwira ntchito m'ndege iye asanakwere, chifukwa kumwambako kulibe kothawira. Pangano la Tokyo la 1963, lomwe mayiko anagwirizana pa za milandu yochitikira m'ndege, limalola woyendetsa ndege kumuletsa mwamphamvu, kumutsitsa, ngakhale kumupereka kwa apolisi ndege ikatera.

Musanaweruke, lembani nthawi, nambala ya mpando ndi mawu enieni amene ananena.