Musanathire "heavy" m'galimoto yanu kuno ku Chipata

Chaka choyamba nditasamukira kuno ku Chipata kuchokera ku Mchinji, Sienta yanga inakwana nthawi ya sevisi. Makaniko amene ndinkamudalira kwathu anali atatsala kuseri kwa Mwami, ndiye ndinapita pagalaji ina imene mnzanga anandilozera. Mnyamata wa pamenepo sanatsegule n'komwe boneti. Anangoyang'ana galimoto, n'kuyang'ana dzuwa, nati, "Mdala, kuno ni kotentha, fakani heavy." Ndinagula oyilo wolimba amene ankanenayo, wa 20W-50, malita anayi, tinathira.

Inayenda ndithu. Koma itafika Juni, m'mawa uliwonse ndikaliza injini inkayamba ndi phokoso la tcheretchere kwa kamphindi, ngati muli timiyala, kenako n'kukhala bata. Mafuta anayamba kutha msanga, ndipo pachitunda inkakoka mwaulesi. Mnyamata uja sanali ndi cholinga choipa, ananena zimene anaphunzira kwa amene anamuphunzitsa ntchito. Vuto ndi lakuti nzeru imeneyo inabadwira pa ma Datsun ndi ma Peugeot akale, pomwe ambiri a ife tikuyendera ma Vitz, Passo, Probox, Fit ndi Sienta ochokera ku Japan.

Manambala a pachigubu aja ali ndi tanthauzo losavuta. Taganizani za phala. Likakhala lotentha limayenderera, likazizira limalimba mpaka supuni kuima. Oyilo nayenso ndi choncho. Pa 5W-30, nambala yoyamba ndi chilembo W zikunena mmene oyiloyo amayendera injini ikagona n'kuzizira: nambala ikachepa, ndiye kuti amathamanga msanga kukafika kumtunda kwa injini mukangoliza. Nambala yachiwiri ikunena kulimba kwake injini itatentha, ndipo amayezera pa madigiri 100. Choncho 5W-30 ndi 10W-30 ndi ofanana injini ikatentha, amasiyana m'mawa mokha. Koma 50 ndi wolimba kwambiri kuposa 30, pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Tsono apa ndi pamene ambiri timasokonekera. Timaona dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu pa Kapata Market, n'kuganiza kuti injini nayonso ikupsa kuposa mmene ikanapsera ku Japan. Injini yabwinobwino imadzisungira yokha kutentha kwake. Thermostat (kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta) ya ma Toyota ambiri imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo madzi a mu rediyeta pamodzi ndi fani zimaigwira kuti isapitirire kwambiri pamenepo, kaya muli ku Lundazi mu Julaye kaya mukutsikira ku Mfuwe mu Okutobala. Kutentha kwa kunja kumawonjezerako pang'ono, inde, makamaka mukasenza katundu wolemera, koma sikusandutsa Vitz kukhala thirakitala. Ndipo poti ndatchula thermostat: chonde musalole munthu kuichotsa ati pofuna kuti injini izizizira. Ikachotsedwa injini imachedwa kutentha, oyilo amakhala wolimba nthawi yaitali, mafuta amapita ambiri.

Injini za masiku ano anazipanga ndi timipata tating'ono kwambiri pakati pa zitsulo, komanso tinjira ta oyilo topyapyala. Za Toyota zolembedwa VVT-i, monga 1NZ-FE imene ili mu Sienta NCP81 ndi Probox NCP51, zimagwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo yemweyo posintha nthawi imene mavalavu amatsegukira. Pali kavalavu kamene kamalowetsa oyilo ku giya ya camshaft (chitsulo chimene chimatsegula mavalavuwo), ndipo kali ndi kasefa kake kakang'ono ngati chala. Mukathira oyilo wolimba kapena wakuda ndi zinyalala, amachedwa kufika kumeneko. Phokoso la m'mawa lija limachokera pa zinthu ngati zimenezi, ndipo pa kamphindi kameneko zitsulo zimakhala zikukhulana zisanalandire oyilo wokwanira. Kamphindi kamodzi si kanthu, koma kuliza galimoto ndi kwa tsiku ndi tsiku.

Nanga muthire uti? Funsani amene anapanga injiniyo. Ndikudziwa kuti kabuku kamene kamabwera ndi galimoto n'ka Chijapanizi, ndipo ambiri timangokasiya m'kabati ya kutsogolo mpaka kunyowa. Katulutseni. Manambala salembedwa m'Chijapanizi, mukatsegula masamba a kumapeto mupeza tebulo lokhala ndi 0W-20, 5W-30 kapena 10W-30 poyera. Galimoto zina zimalembedwa pachitsekero pothirira oyilo, zina zimabwera ndi kastika ka sevisi yomaliza ya ku Japan pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Zonsezi zikasowa, tengani nambala ya injini ndi ya chasisi mufufuze pa intaneti.

Kwa ine, galimoto zing'onozing'ono za petulo zochokera ku Japan zimakhala bwino ndi 5W-30. Vitz kapena Passo ya injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu ija, anailembera 0W-20, koma kabuku kake kamalolanso 5W-30, amene kuno savuta kumupeza. Mukasowa 5W-30, tengani 10W-30 mtima uli m'malo, pakuti chisanu cha kuno sichifika poumitsa madzi ngati cha ku Japan. Injini ikakalamba, yadutsa makilomita 200,000 ndipo yayamba kumwako oyilo pang'ono, kwerani sitepe imodzi yokha, mupite pa 5W-40 kapena 10W-40. Musalumphe kuchoka pa 20 kukafika pa 50. Ndipo ngati ikufuka utsi wa buluu kumbuyo, oyilo wolimba angobisa matendawo kwa miyezi ingapo. Ma ring kapena ma seal a mavalavu atha, pafunika sipanala.

Sindikunyoza 20W-50. Ali ndi malo ake: injini zakale za kabureta, mapikapu otopa amene amatuta chimanga ndi mtedza ku Chadiza ndi ku Vubwi. Kumeneko amagwira ntchito bwino.

A dizilo, nkhani yanu ndi ina. Hiace kapena Hilux ya injini ya 5L, 1KZ kapena 2KD imayenda bwino ndi 15W-40, koma yang'anani zilembo za muyezo wa oyilo wotchedwa API kumbuyo kwa chigubu. Zoyamba ndi C ndi za dizilo, monga CH-4 ndi CI-4. Zoyamba ndi S ndi za petulo, monga SL, SN ndi SP, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyezowo ndi watsopano. Chenjerani ndi ma dizilo atsopano ochokera ku Japan amene ali ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, monga Hiace ya KDH201 kapena Mazda CX-5. Amenewa amafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, wolembedwa DL-1. Mukathira 15W-40 wa malole, sefa ija imatsekeka pang'onopang'ono, ndipo mtengo wake mudzaumva. Anyamata a njinga zamoto nanunso, funani wolembedwa JASO MA, chifukwa kilatchi yanu imasambira mu oyilo yemweyo ndipo wa galimoto akhoza kuichititsa kuterereka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa manambala ndi oyilo wachinyengo. Ife a m'malire timakonda kuwerengera kuti chotchipa chili mbali iti, kwacha ya kuno kapena ya kwathu, ndiye munthu amagula chigubu pamsewu poti wapulumutsa pang'ono. Oyilo wopimidwa m'botolo la madzi akumwa simungadziwe kuti ndi wanji, ngakhale wogulitsayo atalumbira. Zigubu zakale za mayina odziwika anthu ena amazitola n'kuthiramo zawo. Gulani pa filling station kapena m'sitolo yokhazikika, onani kuti chitsekero sichinatsegulidwepo, landirani lisiti, ndipo imani pomwepo makaniko akamatsegula ndi kuthira. Chigubu chikatha chiboole musanachitaye.

Pa za nthawi yosinthira, musatengere za m'mayiko a misewu yoyera. Fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, maulendo afupiafupi a m'tauni, kudikira pa boda injini ikulira, zonsezi zimatopetsa oyilo msanga. Ine ndimasintha pa makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana, pamodzi ndi fyuluta yake nthawi zonse. Injini ya 1NZ-FE imalowa malita pafupifupi 3.7 mukasintha ndi fyuluta, ndiye chigubu cha malita 4 musachikhuthulire chonse. Oyilo wopitirira muyezo amachita thovu ndipo amakankha ma seal.

Musananyamuke ulendo wa ku Lusaka, umene ndi makilomita oposa 550 ndipo uli ndi zitunda zija za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, imikani galimoto pamalo athyathyathya, poti nyumba zambiri kuno zili pamtsetse. Zimitsani, dikirani mphindi zisanu, solani kachitsulo koyezera, pukutani, bwezerani, solaninso. Oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri tija. Wa dizilo akada msanga musadabwe, ndi mmene amachitira. Koma mukaona wasanduka ngati tiyi wamkaka, musanyamuke, madzi akulowa mu injini.

Sienta ija ndinaikhetsa oyilo isanakwane nthawi, n'kuthira 5W-30 ndi fyuluta yatsopano, ndipo tinatsukanso kasefa ka VVT-i kaja. M'mawa wotsatira ndinaliza nditatsitsa galasi, khutu lili tcheru. Inangoti ndii, osamvekanso timiyala tija. Lita imodzi ya oyilo yemweyo imakhala m'buti nthawi zonse, yokulungidwa m'thumba, chifukwa ndikapita kumudzi kukaona amayi sindifuna kukayamba kufunsa "muli ndi wanji" pa grosale.