Mmene mungalumikizire ziganizo za "if" ndi aperekezi pa Chingerezi

Pa Chichewa, tikafuna kunena kuti chinthu china chidalira chinzake, nthawi zambiri ntchito yonse imachitikira mkati mwa mneni. Timati "ukabwera tidya", "ukanabwera tikanadya", "pakanapanda mvula tikanafika". Chingerezi sichitero. Chimayika "if" kutsogolo, chimasintha nthawi ya mneni, kenako chimatsamira pa timawu ting'onoting'ono totchedwa aperekezi, monga for, on, by, to, of ndi without. Ambiri amaloweza bwino lamulo la "if" kusukulu, koma polemba kalata ya ntchito kapena poyankha mayeso a MSCE, chiganizo chimadzagwera pa kamperekezi.

Yambani ndi mafupa a chiganizo. Pa zinthu zochitika nthawi zonse, mbali ziwiri zonse zimakhala m'nthawi yatsopano: "If you leave milk in the sun, it goes sour." Pa zimene zingachitike kutsogoloku, "will" amakhala mbali ya zotsatira yokha: "If the bus leaves on time, we will be in Mzuzu by evening." Pa zongoyerekeza, mbali ya "if" imalowa m'nthawi yakale ngakhale mukukamba za lero: "If I had the money, I would apply for the course." Pa zimene zinapita kale ndipo sizingabwerere, mbali ya "if" imatenga "had", inayo imatenga "would have": "If she had listened to the nurse, she would have recovered sooner."

Apa pali msampha umene Chichewa chathu chomwe chimatitchera. M'chiganizo chakuti "ukanabwera, tikanadya", kachidutswa -kana- kali mbali zonse ziwiri. Ndiye dzanja limathamangira kulemba "would have" kawiri: "If you would have come, we would have eaten." Cholondola ndi "If you had come, we would have eaten." Anthu ena olankhula Chingerezi, makamaka ku America, mudzawamva akulankhula motero pocheza, koma polemba musatengere zimenezo.

Mneni ndi mperekezi wake salekana

"If" sasintha mperekezi amene mneni amayenda naye. Vuto ndi lakuti pa Chichewa timati kudikirira munthu, kumvera munthu, kufunsira ntchito, popanda mawu ena pakati, chifukwa -ira kapena -era wagwira kale ntchitoyo. Pa Chingerezi pamafunika kamawu kapadera. "If you wait me" n'kulakwitsa, nenani "If you wait for me, we will go together." Momwemonso "listen to", "depend on", "apply for a job" koma "apply to a company". Mneni "pay" ngwofunika kumuyang'anitsitsa: timati "pay for the maize" ponena katundu amene mukugula, koma "pay the driver" ndi "pay the bill" popanda mperekezi.

Kulakwitsa kwina n'kwa mbali inayo, kuyika mperekezi pamene safunika. Gwero lake ndi lomwelo. Timati kukambirana za, kufika ku, kulowa mu, kukwatirana ndi, ndiye munthu amalemba "discuss about", "reach at", "enter into the room", "marry with". Aneni anayi onsewa amalunjika pa dzina mwachindunji: "If we had discussed the price, we would have agreed." "If you reach Zomba before noon, call me." Mukasankha "arrive" m'malo mwa "reach", pamenepo mperekezi amabwera: "arrive in Zomba" ponena mzinda, "arrive at the depot" ponena malo amodzi. "Request" akakhala mneni satenga "for", koma akakhala dzina amatenga: "If you request leave", koma "If you send a request for leave". Nawo "enter into" ali ndi malo ake, pa mapangano: "enter into an agreement".

Pa ngongole, Chichewa chimati "ndibwereke" pamene ukupempha, n'chifukwa chake "borrow me" wafala. Wopereka ndi "lend", wolandira ndi "borrow from": "If you lend me K5,000, I will pay you back on Monday."

Musadulenso mperekezi wotsalira kumapeto. "If I knew what she was looking for, I would help." Mukachotsa "for", chiganizo chaduka mwendo.

Aperekezi a nthawi ndi amene amadyetsa anthu chindapusa

Makalata a sukulu, a banki ndi a eni nyumba amadzaza ndi "if" wophatikiza ndi tsiku. "By Friday" ndi "pofika Lachisanu": chinthucho chichitike kamodzi, tsikulo lisanadutse. "Until Friday" ndi "mpaka Lachisanu": chinthucho chipitirire kufikira tsikulo. Choncho timati "If you do not pay by Friday, you will be charged interest", koma "If you stay until Friday, you will meet him." "Within 14 days" akutanthauza masiku 14 asanathe, osati atatha. "On time" ndi pa nthawi yoikika yeniyeniyo, "in time" ndi nthawi ikadalipo, zinthu zisanayambe: "If we had left at 6, we would have arrived in time for the meeting."

Aperekezi olowa m'malo mwa "if"

Pano Chichewa chimatithandiza, chifukwa "pakanapanda" ali ndi anzake enieni pa Chingerezi. "Pakanapanda thandizo lanu, ndikanalephera" mungaunene m'njira zitatu: "Without your help, I would have failed", "If it had not been for your help, I would have failed", kapena "But for your help, I would have failed." Yachitatuyi imamveka kwambiri m'makhothi ndi m'makalata a boma, pocheza, "without" akwanira. Ngati mukunena za lero osati zakale, sinthani nthawi: "If it were not for this loan, I would close the shop."

Lamulo loti muligwire zolimba ndi ili: pambuyo pa mperekezi pamabwera dzina, mlowam'malo, kapena mneni wothera ndi -ing. Sipabwera chiganizo chathunthu. "But for it rained" n'zosatheka. Nenani "But for the rain". Mlowam'malo akhale "him", "her", "us", "them": "without him", osati "without he". Onaninso kuti mbali ya mperekezi ilibe mneni wosonyeza nthawi, kotero mbali ya zotsatira ndi imene imanyamula tanthauzo lonse. "Without fertiliser, the maize will fail" ndi chenjezo la chaka chino. "Without fertiliser, the maize would have failed" akusonyeza kuti feteleza anathiridwa ndipo chimanga chinapulumuka.

"If", "in case" ndi "in case of"

Awa atatu amafanana nkhope koma sanena chimodzi, ndipo kuwasokoneza kungathe kupweteketsa munthu. "In case of" amatsatidwa ndi dzina ndipo amapezeka pa zikwangwani: "In case of fire, use the stairs." Tanthauzo lake ndi "moto ukabuka". "In the event of" ndi mnzake wa m'makalata a inshulansi ndi mapangano.

"In case" wopanda "of" ndi wokonzekeratu. "Take an umbrella in case it rains" akuti tengani ambulera panopa, mwina mvula igwa. "Take an umbrella if it rains" akuti dikirani, ikagwa ndiye mutenge. Tsopano taganizani malangizo a mankhwala. "Take two tablets if you feel pain" akuti mumwe pokhapokha mukamva kupweteka. Wina akalemba "in case you feel pain", wowerenga amene anaphunzira Chingerezi cha ku Britain amva kuti amwe panopa kupweteka kusanayambe. Pamene mukutanthauza "mukamva", "mukaona", "mukavutika", lembani "if". Ndipo pambuyo pa "in case" musayike "will": ndi "in case it rains", osati "in case it will rain".

M'makalata a ntchito mudzakumana ndi "subject to". "The offer is subject to passing a medical examination" akuti ntchitoyo mupatsidwa pokhapokha mukapimidwa n'kupezeka muli bwino. Mneniyo ndi "passing" osati "pass", chifukwa "to" ameneyu ndi mperekezi. Koma "Prices are subject to change" akungonena kuti mitengo ingathe kusintha. "On condition that" ndi wosiyana ndi anzakewa: chifukwa cha "that", amalandira chiganizo chathunthu, monga "on condition that you return it by Monday".

"Unless" ali kale ndi kukana mkati mwake. "Unless you pay by Friday" ndi chimodzimodzi "If you do not pay by Friday". Mukawonjezera "not", mwanena zosiyana ndi zimene mumafuna.

Makalata a mu ofesi nthawi zina amachotsa "if" n'kuyamba ndi mneni: "Should you require further information, contact us", kapena "Had it not been for the delay". Pamenepa "not" safupikitsidwa. "Hadn't it been for" n'kulakwitsa.

Kukonza chiganizo chimene mwalemba kale

Tengani ichi, cholembedwa kwa mwini nyumba: "If I would have known for the meeting, I would have discussed about the rent with you until Friday." Choyamba yang'anani mbali ya "if": muli "would have", muchotseni n'kuyikapo "had", pakhale "If I had known". Kenako funsani mneni aliyense mperekezi wake. "Know" ponena za nkhani amatenga "about", osati "for". "Discuss" safuna "about", koma "with you" akhale, chifukwa akusonyeza munthu amene mukukambirana naye. Pomaliza onani nthawi: kukambiranako kukanachitika kamodzi Lachisanu lisanadutse, ndiye ndi "by". Chiganizo chabwino chikhala chotere: "If I had known about the meeting, I would have discussed the rent with you by Friday."