Momwe mungaphikire endive ya ku Belgium kuti isakuwawireni mkamwa

Tsiku loyamba kugula endive ine ndinkangoti ndi kakabichi ka azungu, ndinangoiduladula n'kuiwiritsa ngati mpiru, eeh kuwawa kwake ngati ndatafuna kwinini, ana anangolawa kamodzi n'kukankha mbale. Vuto silinali ndiwoyo ayi, ndinali ine wophikane.

Kuno ku Brussels ndiye kwawo kwa ndiwo imeneyi. Olankhula Chifalansa amati chicon, a Chidatchi amati witloof kutanthauza tsamba loyera, inu a ku UK mukaipeza mushopu atailemba kuti chicory. Kalimidwe kake kanayambira konkuno m'zaka za m'ma 1800, amakumba mizu ya chicory n'kukaibzalanso mumdima wa ndiwe yani, ndiye imaphuka kamutu koyera kosongoka ngati kachimanga kosasenda. Mizu ya chomera chomwechi ndi ija amaikazinga n'kusakaniza mu Ricoffy, ndiye si mlendo kwenikweni, takhala tikumumwa kalekale osadziwa.

Yambirani pogula pomwe. Sankhani yolimba, yoyera mbee, nsonga zake zachikasu. Ikayamba kubiriwira ndiye kuti yaona kuwala ndipo imawawa kwambiri, n'chifukwa chake mukafika nayo kunyumba ikulungeni m'pepala muike pansi mufiriji, osati kuisiya pawindo.

Kenako kukonza. Musainyike m'madzi, ingochotsani masamba akunja ofota, itsukuluzeni msangamsanga n'kupukuta. Iduleni pakati mlitali, kutsinde kuja muona kamtima kolimba, kachotseni ndi nsonga ya mpeni chifukwa kuwawa kwambiri kumakhala pamenepo. Ine apa ndi pamene ndinalakwitsa.

Tsopano pamoto, ndipo apa musapupulume. Sungunulani batala m'chiwaya, supuni ziwiri zikwana pa ma endive anayi, muwagoneke chafufumimba mbali yodulayo pansi ndipo muwasiye osawagwiragwira mphindi 5 mpaka afiire ngati anyezi wokazinga bwino, mukamva kafungo konunkhira ngati shuga wopserera ndiye kuti zikuyenda. Atembenuzeni, thirani mchere, kasupuni kakang'ono ka shuga kapena uchi, finyirani ndimu pang'ono, madzi osaposa theka la kapu, vindikirani, moto wochepa mphindi 20. Mpeni ukalowa osalimbana nawo apsa. Kakuwawa kamatsalabe pang'ono koma ndi kokoma, ngati ka luni kaja, amene munakulira luni simungadandaule. Mukhoza kudyera pomwepa ndi nkhuku kapena nsomba, nsima imatsikanso bwinobwino, ndayesa.

Koma mukafuna kudya ngati eni dziko, pitirizani. Akhetseni madzi onse, afinyeni ndithu, apo ayi sosi yanu isanduka chithaphwi. Kulungani iliyonse ndi kagawo ka hamu n'kuyala m'mbale ya mu uvuni. Mupoto sungunulani batala supuni ziwiri, fulawa supuni ziwiri, takasani, muzithira mkaka pang'onopang'ono mpaka makapu awiri uku mukutakasabe ngati mukuphika phala la mwana kuti pasachite mibulu, kenako tchizi wopala dzanja limodzi. Thirani pamwamba pa ma endive aja, wazaninso tchizi, uvuni pa madigiri 200 Celsius kwa mphindi 20 mpaka pamwamba pafiire. Amati chicons au gratin, amadyera mbatatesi zopota nthawi yozizira, ndipo ana aja anakankha mbale pano amachita kukanganirana zokanda m'mbalemo.

Yaiwisi imadyekanso, kungoidula mopyapyala n'kusakaniza ndi apozi kapena lalanje, mtedza wokazinga, ndimu ndi mafuta pang'ono. Koma muidule nthawi yodya yomweyo, ikakhalitsa imada.

Za thanzi, ndi ndiwo yopepuka kwambiri, magalamu 100 ali ndi ma calorie 17 okha, yambiri ndi madzi, komanso ili ndi folate, potaziyamu ndi fiber yothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Pali mbale wake wina wa masamba obiriwira opotanapotana amene a ku France amati frisée, ameneyo ndiye wodzaza ndi vitamini A ndi K. Amene mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musangoyamba kumudya tsiku ndi tsiku, vitamini K amasokoneza mankhwalawo, kambiranani kaye ndi adokotala anu.