Levulo Ikakunamizani, Itembenuzeni Musanakhome Msomali

Mayi ena a ku Mufakose, mu Harare muno, anandiitana kuti ndikaone khoma la pabalaza pawo. Anali atapachika zithunzi zitatu: cha ukwati wawo, cha mwana wawo wamkazi atavala gauni, ndi cha malemu agogo awo amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury. Mnyamata wawo ndiye anagwira ntchitoyo, ndipo anagwiritsa ntchito levulo yobwereka, chida choyezera ngati chinthu chagona kapena chaima mosapendekeka. Kathovu ka m'kagalasi ka levuloyo kanakhala pakatikati pa mizere yake iwiri bwinobwino, koma zithunzi zonse zitatu zinali zotsetserekera kuzenera, ndipo pulasitala inali itadzaza mabowo a misomali yozulidwa.

"Bambo, kodi ndi maso angawa akalamba, kapena ndi nyumbayi?" anandifunsa.

Maso awo anali bwino. Levuloyo ndiyo inali yonama, ndipo kuizindikira sikunatitengere ngakhale mphindi ziwiri.

Tiyambe ndi kamangidwe kake, chifukwa ambiri timaikhulupirira levulo ngati kuti singalakwe. Kagalasi kamene muli madzi achikasu kaja n'kofufuma pang'ono pakati, ndipo madziwo nthawi zambiri ndi spiriti wothira utoto. Mpweya umathawira kumtunda, choncho kathovu kamapita mbali imene yakwera. Komatu kathovuko kamangonena za kagalasi kake. Kuti kanene zoona za khoma lanu, kagalasiko kayenera kukhala kogona mofanana ndendende ndi tsinde la levulo. Levulo ikagwa kuchokera pamakwerero, ikamaponyedwa m'wilibala pamodzi ndi hamala ndi mafosholo, kapena ngati ndi yamatabwa ndipo inavumbidwa mvula n'kupindika, kagalasi ndi tsinde zimasiyana njira. Kuyambira pamenepo kathovu kamakhala pakati pomwe zinthu zili zopendekeka.

Musanaiimbe mlandu, ipukuteni kaye kunsi. Simenti youma kapena kadontho ka penti kokakamira kumapeto n'kokwanira kuisokoneza, makamaka levulo zifupizifupi zija zolowa m'thumba. Onaninso kaimidwe kanu. Diso likhale moyang'anizana ndi kagalasi. Mukasuzumira muli pansi levulo ili pamwamba pa mutu, kapena muli chammbali, mudzaona kathovu kali pakati pomwe sikali pakati.

Tsopano muyeso weniweni. Ikani levulo patebulo, lembani ndi pensulo pomwe yathera mbali zonse ziwiri. Tebulolo silifunika kukhala pa levulo ayi. Onani komwe kathovu kapita ndi kutalika kwake kuchoka pamzere. Kenako itembenuzeni, mbali imene inaloza kukhomo iloze kuzenera, muikhazike pa zizindikiro zomwe zija. Ngati poyamba kathovu kanathawira kuzenera, kathawirenso kuzenera, mtunda womwewo. Zikatero levulo yanu ndi yabwino, tebulo ndilo lopendekeka. Koma kathovu kakasintha malo, kapena kakakhala pakati ulendo woyamba n'kuchokapo ulendo wachiwiri, dziwani kuti chida chanu chavulala.

Chimene ndimachikonda pa muyeso umenewu n'chakuti levulo yonama imathabe kukupatsani mzere woona. Ku Mufakose kuja tinachita chonchi. Tinalemba kadontho pakhoma, tinagunditsa mapeto a levulo pakadonthopo, tinaikweza ndi kuitsitsa mpaka kathovu katakhala pakati, n'kujambula mzere. Tinaitembenuza, mapeto enawo n'kukhala pakadontho pomwe paja, kathovu pakati, mzere wachiwiri. Mizere iwiriyo inayambira pamodzi koma inapatukana ngati mchira wa namzeze. Pa mita imodzi inasiyana ndi mamilimita 8. Ndiye kuti levuloyo imalakwitsa ndi mamilimita 4 pa mita iliyonse, chifukwa kutembenuza kumaonetsa cholakwacho kawiri, ndipo mzere woona uli pakati penipeni pa iwiriyo. Levulo yabwino ya amisiri imalakwitsa pafupifupi theka la milimita pa mita, choncho iyi inali itapitirira kutali. Pa khoma la zithunzi zitatu zotambasuka mamita awiri, chomalizira chinatsika ndi mamilimita 8 poyerekeza ndi choyamba, ndipo diso la munthu limaona zimenezo msanga, makamaka pafupi ndi zenera.

Levulo zina zili ndi tima screw pambali pa kagalasi. Ngati yanu ndi yotero, igunditseni pa mzere wapakati uja, masulani pang'ono, sunthani kagalasi mpaka kathovu kalowe pakati, mangani, kenako bwerezani muyeso wotembenuza. Zambiri zotchipa kagalasi kake n'komatiratu. Zoterozo ine sindilimbikitsa kuzikonza ndi timapepala tomata kunsi, chifukwa pakapita mwezi mudzaiwala mbali imene munamata. Ngati tsinde lapindika, kapena madzi akuchucha ndipo kathovu kakula kupitirira mizere, itayeni. Koma musadabwe kathovu kakachepa pang'ono levulo ikakhala padzuwa mu October, n'kukulako m'mawa wozizira wa June. Madziwo amafufuma ndi kutentha. Ingoonetsetsani kuti mpata wotsala ndi wofanana uku ndi uku.

Kagalasi koyezera zoimirira kayeseninso pakokha, chifukwa kena kakhoza kukhala koona kena konama pa levulo imodzimodziyo. Iimikeni pakhoma kathovu kali pakati, jambulani mzere, izungulitseni kuti nkhope imene inagunda khoma iyang'ane kwa inu, jambulaninso kathovu kali pakati, muone ngati mizere iwiriyo yapatukana. Kapena mangani nati yolemera kapena mwala ku ulusi, muupachike pamsomali, mudikire usiye kugwedera. Ulusi umenewo ndi woimirira ndithu.

Pa khoma lalitali, monga mukafuna kuti zithunzi za m'mbali ziwiri za khomo zifanane, ndimasiya levulo n'kutenga paipi yapulasitiki yoonekera mkati, ija amisiri omanga amagwiritsa ntchito pa maziko. Thirani madzi, musiye mpata pang'ono kumapeto konse, mugogode mpaka thovu lonse lituluke, ndipo paipiyo isapindike kapena kupondedwa. Mmodzi agwire uku, wina uko, kukamwa kwa paipi kuli kotseguka. Madzi akakhazikika, pomwe alekezera mbali zonse ziwiri ndi pofanana. Ndi ntchito yabwino kuigwira ndi mwana, amaphunzirapo zambiri.

Za foni, inde ilipo levulo ya m'foni, koma mafoni ambiri ali ndi kamera yotukuka kumbuyo ndi mabatani m'mbali, ndiye sagona bwino. Iyeseni ndi njira yomweyo yotembenuza musanaikhulupirire. Mukapitanso kukagula levulo, kaya kumsika wa Siyaso ku Mbare kaya m'sitolo ya m'tauni, musachite manyazi kuitembenuza pakauntala pomwepo wogulitsa akuona. Wogulitsa wodziwa ntchito sangakwiye nazo.

Nthawi zina levulo imapezeka yopanda mlandu, chithunzi n'kupendekekabe. Pamenepo tembenuzani felemu muone kumbuyo. Tizingwe kapena timphete topachikira kawirikawiri sitikhala pa msinkhu umodzi, ndiye yezani ndi tepi kuchokera pamwamba pa felemu kufika pa kamphete kalikonse. Yezaninso felemuyo mopingasa, kuchokera pangodya kufika pangodya inzake, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, felemuyo ndi yokhota. Chithunzi chachikulu chipachikeni pa misomali iwiri, chifukwa pa umodzi chimasuntha nthawi iliyonse chitseko chikamenyetsedwa. Palinso vuto la makoma athu a njerwa: msomali ukagunda polimba umathawira mumzere wa simenti, n'kutsika kapena kukwera pang'ono. Kuboola ndi dirilo n'kulowetsa pulagi, ija yogwira screw m'khoma, kumasunga malo amene mwalemba. Pewani kuboola molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi, poti m'menemo ndimo mumadutsa mawaya a magetsi. Ndipo inu amene mukuchita lendi, pemphani kaye eni nyumba.

Chovuta kwambiri kuchiweruza ndi nyumba yopendekeka. Nyumba zambiri zakale za ku Mbare ndi ku Highfield zakhala zaka zambiri, zina zinawonjezeredwa zipinda ndi amisiri osiyanasiyana, ndipo siling'i, zenera ndi pansi sizigwirizana nthawi zonse. Chithunzi choikidwa pa levulo yeniyeni chikhoza kuoneka chokhota ngati chili pafupi ndi felemu ya chitseko yopendama. Maganizo anga ndi akuti chithunzi chikakhala chokha pafupi ndi mzere wotero, tsatirani mzerewo, chifukwa mlendo amayerekeza ndi zimene akuziona. Zikakhala zingapo pa khoma lalikulu, tsatirani levulo, muzitalikitse ku siling'i. Pakati pa chithunzi pakhale pafupifupi masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, pomwe maso a munthu woimirira amafika. Ambirife timapachika pamwamba kwambiri, ndipo kumeneko n'kumene kupendekeka kwa siling'i kumaonekera.

Kwa mayi aja tinatsitsa zithunzi zonse, tinatsatira mzere wapakati, ndipo cha agogo tinachiika pakati pa ziwirizo monga anafunira. Mabowo akale tinatseka ndi fila, phala lomatira mabowo, mizere ya pensulo tinafufuta ndi labala ya mdzukulu wawo. Levulo ija mnyamata anaibweza kwa mwini wake madzulo omwewo, ndipo ndinamuuza kuti akamujambulire mizere iwiri ija pa khoma la panja, poti mwiniwakeyo anali pafupi kuyamba kumanga nayo chipinda cha kuseri.